Tingawasunge bwanji pamodzi makolo ndi ana a middle school pa tchuthi cha mliri uno wa COVID-19?

Mayi wa ku South Bend, 27 Juni 2020

Ndikulemba kuchokera ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene ndili m'komiti ya makolo pa sukulu ina ya middle school, yophunzitsa ana a giredi 6 mpaka 8, ambiri a zaka 11 mpaka 14. Sukulu zathu zinatsekedwa pakati pa mwezi wa Malichi, ndipo pa 2 Epulo bwanamkubwa Eric Holcomb analengeza kuti ana sabwereranso m'makalasi mpaka chaka cha maphunziro chithe. Kuyambira pamenepo ana akhala akuphunzira pa intaneti, ena mwakhama, ena mwa apo ndi apo, ena osaoneka n'komwe. Komabe nthawi yonseyi panali munthu wofunsa za mwana: mphunzitsi ankatumiza ntchito, ankaimba foni mwana akasowa, ndipo mabasi a sukulu okhala ndi Wi-Fi ankaimikidwa m'madera osiyanasiyana kuti ana opanda intaneti kunyumba apezeko mwayi. Tsopano tchuthi chayamba, aphunzitsi nawonso akupuma, ndipo mpaka mu Ogasiti palibe amene ali ndi udindo wofunsa kuti mwana wakutiwakuti ali bwanji.

Zaka zina tchuthi sichinkatidetsa nkhawa, chifukwa ana ankapita ku masewera, ku laibulale, kokasambira ndi ku misonkhano ya achinyamata ya kumpingo. Chaka chino zambiri mwa zimenezi zaimitsidwa kapena zikulandira ana ochepa kwambiri. Makolo ambiri amene ndimawadziwa, Amalawi ndi a mitundu ina, amagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, m'zipatala ndi m'mafakitale a ku Elkhart, ntchito zimene munthu sangagwirire kunyumba. Mwana wa zaka 12 amaonedwa kuti wakula moti atha kutsala yekha, ndipo kawirikawiri ndiye amasiyidwa ndi ang'ono ake kuyambira m'mawa mpaka usiku. Akundidetsa nkhawa kwambiri ndi ana amene amaliza giredi 5 ndipo akubwera kwa ife asanaonepo ngakhale chipata cha sukuluyo, komanso a giredi 8 amene achoka osatsanzikana ndi anzawo.

Komiti yathu ilibe ndalama zodziwika, ili ndi anthu ochepa odzipereka basi. Tinatumiza makalata a pa intaneti kwa makolo onse, koma oyankha ndi omwe aja amene amabwera kale ku misonkhano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukukumana ndi zofananazi. Kodi mabanja amene angoti zii tingawafikire bwanji? Nanga tikawafikira, tiwapatse chiyani chowathandizadi, osati kungowachulukitsira mauthenga pa foni?

Mlangizi wa ana, Maryland, 28 Juni 2020

Amayi, zikomo pofunsa funso limeneli tchuthi chisanapite patali. Ine ndimagwira ntchito ya uphungu pa sukulu ya ana a msinkhu womwewu, ndipo langizo langa loyamba ndi lakuti muyambire pa chakudya, chifukwa ndi pamene mungakumane ndi mabanja amene sawerenga makalata anu. Unduna wa za ulimi wa boma la America, USDA, unafewetsa malamulo a chakudya cha kusukulu chifukwa cha mliriwu, ndipo kufewetsako kwatalikitsidwa mpaka pa 31 Ogasiti. Zimenezi zikutanthauza kuti mwana sayenera kudyera pamalo operekera chakudyacho, kholo litha kukamutengera, ndipo malo ambiri akupereka chakudya cha masiku angapo nthawi imodzi. Mwana aliyense wa zaka 18 kutsika m'munsi ali ndi ufulu wolandira. Mukapempha chilolezo kuti mmodzi wa komiti yanu aziima chapatali pamalo oterowo, atavala masiki, n'kumapereka moni ndi kapepala kokhala ndi nambala imodzi yokha yoimbapo, mudzaona nkhope zimene simunazionepo pa msonkhano wa makolo.

Pali thandizo linanso lotchedwa P-EBT, limene linabwera ndi lamulo la Families First Coronavirus Response Act la pa 18 Malichi. Ndi ndalama za chakudya zoikidwa pa khadi, madola 5.70 pa tsiku lililonse limene sukulu inali yotseka, kwa mwana amene ankadya ulere kapena motsika mtengo kusukulu. Mabanja ena sanalandire khadili chifukwa anasamuka ndipo sukulu ili ndi adiresi yakale. Ena analandira koma akuopa kuligwiritsa ntchito, chifukwa cha lamulo la public charge, lokhudza obwera odalira thandizo la boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 24 Febuluwale, poganiza kuti liwasokonezera mapepala awo okhalira m'dziko muno. Chakudya cha kusukulu ndi P-EBT siziwerengedwa pa lamulo limeneli, koma kholo lamantha silingakhulupirire zimenezi poziwerenga pa kalata yochokera ku ofesi. Limakhulupirira likamva kwa mnzake amene amapemphera naye kapena kugwira naye ntchito.

Apa m'pamene pagona yankho langa lenileni. Gawanani mabanja, munthu mmodzi atenge mabanja ochepa amene angawakwanitse, ndipo munthu yemweyo aziimbira mabanja omwewo tsiku lomwelo sabata iliyonse mpaka sukulu itsegulidwe. Musasinthanesinthane oimba. Kholo silingaulule kwa mlendo kuti lachotsedwa ntchito kapena kuti mwana wake wasiya kutuluka m'chipinda, koma munthu akaimba kachitatu, kachinayi, nkhani zoterezi zimayamba kutuluka zokha. Funso likhale lachindunji, monga lakuti, kodi chakudya chikwanira sabata ino, intaneti ikugwira, mwana walankhulako ndi mnzake? Mukangofunsa kuti muli bwanji, adzakuyankhani kuti tili bwino, n'kudula foni.

Mudziwiretu kuti sukulu singakupatseni manambala a makolo mwachisawawa, chifukwa lamulo la FERPA limateteza zinsinsi za ophunzira. Chimene mungachite ndi kupempha mphunzitsi wamkulu, yemwe nthawi zambiri amakhalapo pa tchuthi, kuti atumize uthenga wa pa foni kwa makolo onse wowafunsa ngati akufuna kuti komiti iziwaimbira. Kwa amene Chingerezi chimawavuta, jambulani mawu pa WhatsApp m'chilankhulo chawo, chifukwa munthu wochoka ku ntchito ya usiku atha kumvetsera uthenga wa mphindi imodzi akuyendetsa galimoto, koma sangakhale pansi kuwerenga masamba awiri. Ndipo chonde, musamagwiritse ntchito mwanayo ngati womasulira pa nkhani za ngongole, matenda kapena mapepala a makolo ake. Ana a msinkhu uwu amasenza zimene amva, ndipo sanena. Malinga ndi gawo la Title VI la lamulo la Civil Rights Act la 1964, sukulu ili ndi udindo wolankhula ndi kholo m'chilankhulo chimene likumva, ndiye kupempha womasulira si kupempha chifundo ayi.

Chinthu china chofulumira ndi intaneti. Makampani ambiri anasaina lonjezo la Keep Americans Connected lakuti sadula anthu olephera kulipira, koma lonjezoli likutha pa 30 Juni. Amene analowa Internet Essentials, intaneti yotsika mtengo ya kampani ya Comcast, mu Malichi kapena mu Epulo pa mwayi wa masiku 60 aulere ayamba kale kulipira. Funsani mabanja za zimenezi sabata inoyi, ndipo ngati sukulu ikufuna kutolera ma Chromebook, makompyuta amene inabwereka ana, ipempheni kuti ana akhale nawo mpaka Ogasiti. Pa kapepala kanu kaja lembaniponso nambala ya foni ya 211, yothandiza pa za lendi, magetsi ndi chakudya, ndi 741741, kumene wachinyamata wovutika mumtima atha kulemba uthenga wakuti HOME n'kuyankhidwa ndi mlangizi usana kapena usiku.

Bambo a ana awiri, Dallas, Texas, 29 Juni 2020

Ndikugwirizana ndi a mlangizi pa zonse zokhudza makolo, koma ndikupempha kuti ana asaiwalike pa nkhaniyi, chifukwa kuimbira kholo si kufikira mwana. Ndikuchenjezaninso, Amayi, kuti musakonze tchuthi chodzaza ndi misonkhano ya pa Zoom. Ana athu akhala pa kompyuta kuyambira mu Malichi ndipo atopa nayo. Mwana wa zaka 13 akazimitsa kamera, sikuti ndi mwano nthawi zonse; ena sakufuna kuti anzawo aone mmene kunyumba kwawo kulili, ena akuchita manyazi ndi thupi limene lasintha miyezi imene sanaonane ndi anzawo.

Chimene chatithandiza kuno ndi timagulu ta ana atatu kapena anayi, tokumana panja m'mamawa dzuwa lisanatenthe, pali wamkulu mmodzi, aliyense ndi njinga yake kapena mpira wokankha ndi mapazi okha. Ngakhale zimenezi tikuziunikanso, popeza matenda akwera kwambiri ku Texas ndipo bwanamkubwa Greg Abbott anatsekanso malo omwera mowa pa 26 Juni. Malaibulale ambiri akupereka mabuku pakhomo munthu ukaitanitsa, ndiye ana atha kuwerenga buku limodzi n'kumakambirana. Ndaonanso kuti ana a msinkhu uwu amadzuka mtima ukawapatsa udindo weniweni. Wa giredi 8 apatsidwe mwana wobwera kumene wa giredi 6, kuti amufotokozere mmene amatsegulira loko wa kabati yake ya kusukulu, mmene amasinthira makalasi belu likalira, ndi kumene amakhala pa nthawi ya chakudya. Zimenezi ndi zimene mwana wa zaka 11 akuopa, osati masamu.

Pali nkhani inanso imene sitingaidumphe. Kuyambira pamene George Floyd anaphedwa ku Minneapolis pa 25 Meyi, ana athu akuda aona kanema ija pa mafoni awo, ambiri ali okha kunyumba. Ife amene tinakulira ku Malawi sitinaphunzitsidwe mmene tingakambire ndi ana za tsankho la kuno, ndipo ena timangoti zisiyeni, limbikirani sukulu. Ngati komiti yanu ingakonze msonkhano umodzi wokha wa pa intaneti, ukhale wa makolo pa nkhani imeneyi, ndipo muitane makolo akuda obadwira konkuno kuti atiunikire.

Mphunzitsi wa Sitandade 7, Dedza, 1 Julayi 2020

Ndawerenga zonsezi ndi chidwi ngakhale ndili kutali, chifukwa ana amene ndimaphunzitsa ndi a msinkhu womwewo, ndipo kuno sukulu zakhala zotseka kuyambira pa 23 Malichi popanda tsiku lodziwika lotsegulira. A Sitandade 8 anayenera kulemba mayeso awo a MANEB mu Meyi, koma mpaka pano akudikira. Ife tilibe ma Chromebook. Unduna wa zamaphunziro unayambitsa maphunziro a pa wailesi ya MBC, koma m'nyumba zambiri wailesi ndi ya bambo, mabatire ndi odula, ndipo nthawi ya phunziro mwana amakhala ali kudimba, kumsika kapena kotunga madzi. Sindikunena izi podandaula, koma kuti muone kuti nafenso tinafika pa mfundo yomwe a mlangizi anena, yakuti mwana amasungidwa ndi munthu womudziwa dzina.

Chimene ndingawonjezere ndi kaundula. Ife tinakhala pansi, aphunzitsi angapo, a komiti ya sukulu ndi amayi a mother group, n'kutsegula kaundula wa kalasi iliyonse, dzina ndi dzina, kufunsana kuti mwana uyu wamuona ndani posachedwa. Amene palibe anamuona ndiwo tinayamba nawo. Amayi a mother group amadziwa khomo lililonse, ndipo amafika monga anansi, osati monga akuluakulu a sukulu, motero amauzidwa zoona. Pamene a Mary's Meals anayamba kupereka ufa wa phala kuti makolo azikaphikira ana kunyumba, tsiku lolandira ufalo linakhala tsiku lathu lofunsa za ana. Kholo likapanda kubwera kudzatenga ufa waulere, timadziwa kuti pakhomopo pali china, mwina matenda, mwina mwanayo anatumizidwa kwa achibale kukagwira ntchito.

Inu kumeneko muli ndi zida zambiri, koma ndikuona ngozi yakuti mungamawerenge amene ayankha m'malo mowerenga amene sanayankhe. Pemphani mphunzitsi wamkulu kuti iyeyo, popeza ali ndi chilolezo choona mayina, ayang'ane ana amene sanalowe n'komwe pa intaneti mu Epulo ndi mu Meyi, ndipo sukulu iwatsatire yokha ngati singakupatseni mayinawo. Ana amenewo ndiwo adzasowenso mu Ogasiti.

Za atsikana ndinene mosabisa. Kuno mantha athu aakulu ndi mimba ndi maukwati a ana, chifukwa mtsikana wa zaka 14 akakhala pakhomo miyezi yambiri, ena amayamba kumuona ngati wamkulu, ngakhale malamulo a dziko lino amaletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Timagwira ntchito ndi mafumu, ndipo ana tinawauza nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane, yoyendetsedwa ndi YONECO. Kwanuko mwina vuto silingakhale ukwati, koma mtsikana wotsala yekha tsiku lonse ndi foni m'manja, kapena wosiyidwa ndi mlendo wogona m'nyumba momwemo, ali pa chiopsezo chimodzimodzi. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa gulu lanu la oimba foni pakhale amayi amene atsikana angawakhulupirire, ndi abambo amene anyamata angalankhule nawo, chifukwa anyamatanso amazunzidwa ndipo amabisa kwambiri.

Mayi wa ku Leicester, 2 Julayi 2020

Ine ndingochenjeza pa chinthu chimodzi. Kuno ku England ana a Year 6, amene akupita ku sekondale mu Seputembala, analoledwa kubwerera m'makalasi kuyambira pa 1 Juni, ndipo tinkaganiza kuti zinthu zayamba kubwerera m'malo. Sabata inoyi boma latsekanso mzinda wathu wa Leicester chifukwa cha kukwera kwa matenda, ndipo kuyambira lero sukulu zatsekedwanso kwa ana ambiri. Zonse zimene makolo tinakonza zokumana maso ndi maso zagwa tsiku limodzi. Choncho, Amayi, chilichonse chimene mukonze chikhale chotha kupitirira ngakhale atakutsekaninso mawa. Kuimbirana foni kumapirira zoterezi, koma phwando la pabwalo la sukulu silingapirire.

Za ana obwera kumene, sukulu zambiri kuno zajambula kanema wamfupi woonetsa makalasi, zimbudzi, holo yodyera ndi nkhope za aphunzitsi. Sizifuna ndalama, foni imodzi ikwanira, ndipo mwana amatha kuonera kambirimbiri mpaka mtima utakhala pansi. Pa za chakudya, ife tinapulumuka chifukwa wosewera mpira Marcus Rashford anakakamiza boma, ndipo pa 16 Juni linavomera kupitiriza mavocha a mapaundi 15 pa sabata kwa mwana aliyense woyenerera pa tchuthi chonse. Koma ngakhale pamenepo, mabanja ena a kwathu amene visa yawo imawaletsa kulandira thandizo la boma akuopa kufunsa, monga momwe a mlangizi afotokozera za kwanuko.

Mayi wa ku South Bend, 5 Julayi 2020

Ndathokoza nonse, makamaka aphunzitsi a ku Dedza, chifukwa mfundo yowerenga amene sanayankhe yasintha mmene komiti yathu ikuonera ntchitoyi. Mphunzitsi wamkulu wavomera kutumiza uthenga wopempha chilolezo kwa makolo, wavomeranso kujambula kanema wa sukulu ndi kutsatira yekha ana amene anasowa pa intaneti. Ife tagawana mabanja amene avomera kale, ndipo awiri mwa ife aziima pamalo operekera chakudya. Maganizo a bambo a ku Dallas ophatikiza ana akuluakulu ndi obwera kumene tiwayesa, makolo a mbali zonse akalola.

Pali funso limodzi limene latigawanitsa m'komiti. Ngati woimba foni wamva kapena waona zosonyeza kuti mwana akuzunzidwa, kapena kuti ana aang'ono kwambiri akusiyidwa okha usiku wonse, achite chiyani? Ena akuti tikangokanena ku boma, mabanja onse adzatitsekera zitseko ndipo adzatiyesa akazitape. Ena akuti kukhala chete ndi kupereka mwanayo.

Mlangizi wa ana, Maryland, 5 Julayi 2020

Amayi, pa nkhani ya nkhanza lamulo la Indiana silinasiye mpata wosankha. M'chigawo chanucho munthu aliyense, osati aphunzitsi ndi madokotala okha, amene ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa kapena akunyalanyazidwa, ayenera kukanena ku Department of Child Services, nthambi ya boma yoteteza ana, kapena kupolisi, ndipo kungouza mphunzitsi wamkulu sikumuchotsera udindowo. Choncho auzeni makolo zimenezi pa foni yoyamba, mwaulemu, kuti zonse zimene tikambirane ndi zachinsinsi kupatula ngati mwana ali pa ngozi. Kholo louzidwa poyamba silidzaona ngati mwalitchera msampha.

Koma musiyanitse nkhanza ndi umphawi. Mayi wosiya ana chifukwa cha ntchito ya usiku amafuna munthu wogona ndi anawo kapena thandizo lolipirira wowasamalira, ndipo mukamva zoterezi msanga, komiti yanu, mpingo wake kapena a 211 atha kupeza njira zinthu zisanafike poipa. Oimba foni anu asanayambe, pemphani wogwira ntchito ya zachisamaliro cha ana wa m'sukulu za mumzinda wanu kuti awaphunzitse kwa ola limodzi za zizindikiro zoyenera kukanena ndi zoyenera kungothandiza, ndipo aliyense akhale ndi nambala yake yomufunsa akakayika.